Chisanu, Nkhuni ndi Mbaula: Kumene Moto wa ku Mkaika Umathera

Dzuwa lisanawale pa mapiri a Mphangwe m'mwezi wa Juni, utsi umakhala utayala kale pamwamba pa midzi ya m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo pamakomo ambiri pamakhala ana atazungulira mafuwa, manja atatambasulira kumoto, akudikira kuti madzi osamba afunde asanauyambe ulendo wa kusukulu.

Mumsewumo njinga zimakhala zikulunjika ku Katete boma, iliyonse itasenza matumba awiri kapena atatu a makala omangidwa ndi luzi kukamwa, pamene ngolo za ng'ombe zodzaza nkhuni zimayenda m'mphepete mwa phula kupita kumsika, kwa owotcha njerwa ndi kwa ophika mowa.

Nyengo yachisanu ndiyo nyengo ya malonda a moto.

Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ali pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, usiku umazizira kufika pa madigiri 10, mwinanso kutsikirapo m'midzi yoyandikana ndi madambo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 200,000 ku Katete, ena opitirira 200,000 ku Sinda ndi opitirira pang'ono 50,000 ku Vubwi, ndipo ambiri mwa iwo amaphika, amafunditsa madzi ndi kuwotha pamoto wa nkhuni kapena wa makala, amene ku Zambia amadziwikanso ndi dzina lakuti malasha.

M'dera limeneli mulibe nyumba zokhala ndi zipangizo zapadera zotenthetsera zipinda monga za ku Ulaya, kotero kuti funso la kuchepetsa ndalama zofunditsira nyumba ndi funso la mtolo wa nkhuni ndi thumba la makala. Banja la pa boma limalipira ndi ndalama, pamene banja la kumudzi limalipira ndi nthawi ndi misana ya amayi ndi atsikana, amene chaka ndi chaka amapita kutali kuposa kale kukatola nkhuni, pakuti thengo la pafupi linasanduka minda ya chimanga, thonje, mtedza, soya ndi mpendadzuwa.

Chodandaulitsa n'chakuti gawo lalikulu la moto wogulidwa movutikira chotere silifika mumphika, ndipo silifikanso pathupi la munthu.

Kumene kutentha kumatayikira

Akatswiri a za moto amayeza ubwino wa chophikira poona gawo la kutentha kwa nkhuni limene limalowadi mumphika, ndipo pa mafuwa atatu a masiku onse gawo limeneli limakhala la pakati pa 10 ndi 15 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti mayi akasenza nkhuni khumi kuchokera kuphiri, imodzi kapena imodzi ndi theka ndiyo imaphika nsima, pamene zotsalazo zimatenthetsa mphepo, nthaka ndi miyala. Malawi amafalikira m'mbali mwa mphika, mphepo imawakankhira kumene ikufuna, ndipo mpweya wozizira umalowa paliponse n'kuziziritsa moto, zimene zimabala utsi. Utsiwo ndi mbali ya nkhuni imene yathawa isanayake.

Kutayika kwina kumayamba nkhuni isanafike n'komwe pamoto. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ofika pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo moto umayamba wawiritsa ndi kuumitsa madzi amenewo usanayambe kutenthetsa mphika, chimene chimamveka nkhuni yaiwisi ikamalira ndi kutulutsa thovu kumapeto. Nkhuni yowazidwa ndi kuyanikidwa miyezi ingapo pansi pa denga, pamalo popita mphepo, imatsala ndi madzi osapitirira 20 pa 100, imayaka msanga ndipo imapereka kutentha kochuluka kwambiri pa kulemera komweko. Kachisakasa kosungiramo nkhuni, kamene kamangofuna mitengo inayi ndi udzu, kamapulumutsa nkhuni zambiri popanda kugula kanthu.

Nkhani ya makala ndi yowawa kuposa pamenepa.

Owotcha makala m'nkhalango za miombo amadula mitengo yolimba monga mombo, tsamba ndi mchenga, amaiunjika, amaikwirira ndi udzu ndi dothi, kenaka amayatsa uvuniwo kuti unyeke pang'onopang'ono kwa masiku angapo popanda mpweya wokwanira. Mu uvuni wadothi wotere, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala pamalowa makilogalamu a mitengo apakati pa 6 ndi 10. Makala amaposa nkhuni youma pafupifupi kawiri pa kutentha kwa kilogalamu iliyonse, koma ngakhale zili choncho, mphamvu yoposa theka imene inali mumtengo imakhala itathera kuthengo monga utsi thumba lisanakwere njinga. Akafika m'tauni, makalawo amathiridwa m'mbaula ya chitsulo chopyapyala yobowoledwa mbali zonse, imene imamwaza kutentha paliponse ndipo ilibe kachitseko kochepetsera mpweya, kotero kuti amayaka ndi mphamvu yofanana kaya mphika ukufuna moto waukulu kaya waung'ono.

Pali chinthu chinanso chimene ophika ambiri sachiganizira. Pamtunda wokwera ngati wa Katete madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, ndipo akangowira sangatenthe kuposa pamenepo, ngakhale wophika asonkhezere nkhuni zingati. Nyemba zobwata mwaukali sizipsa msanga kuposa zobwata pang'onopang'ono; kusiyana kwake n'kwakuti zoyambazo zimamaliza madzi ndi makala. Chivundikiro chokwana bwino pamphika, kunyika nyemba m'madzi usiku wonse, ndi kuchepetsa moto zinthu zikawira, ndi njira zimene zimachepetsa makala tsiku lomwelo.

Magetsi amene anathawa

Kwa zaka zambiri anthu a pa boma la Katete ndi pa Sinda ankaona magetsi a kampani ya ZESCO ngati njira yotulukira mu utsi, ndipo amene anakwanitsa kukokera mawaya kunyumba anagula mbaula zamagetsi, maketulo ndi zotenthetsera m'chipinda. Koma magetsi opitirira 80 pa 100 a dziko la Zambia akhala akuchokera kumadzi, makamaka ku Kariba pamtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge, ndipo mvula ikavuta magetsi amavutanso. Zinachitika mu 2015 ndi mu 2019, ndipo zinafika poipa mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse. Kumapeto kwa chaka chimenecho nyumba zambiri zinkalandira magetsi kwa maola ochepa okha patsiku, kawirikawiri pakati pa usiku.

Ambiri amene anali ndi mbaula zamagetsi anabwerera ku makala.

Chilala chomwecho chinapha chimanga m'minda, ndipo mlimi wopanda chakudya m'nkhokwe amayang'ana nkhwangwa ndi thengo, chifukwa makala ndi malonda osafuna mpamba. Ogula anachuluka m'tauni nthawi yomwe owotcha anachuluka kumudzi.

Kumidzi yakutali ya Vubwi ndi Sinda, kumene mawaya sanafike, kwabwera magetsi a dzuwa, ena a nyumba imodziimodzi olipira pang'onopang'ono pa foni, ena a timalo ting'onoting'ono togawira mudzi wonse monga kamene kampani ya Muhanya Solar inamanga ku Sinda. Magetsi amenewa athandiza pa kuunikira, kutchaja mafoni, wailesi ndi timabizinesi, koma kutenthetsa kumadya mphamvu yochuluka kwambiri: chotenthetsera chimodzi cha m'chipinda chimakoka mawati 1,000 mpaka 2,000, mphamvu yokwanira kuyatsa mababu a LED oposa 100. Banja limene lili ndi magetsi odalirika lingapindule kwambiri ndi mphika wamagetsi wotseka mpweya, umene umapsetsa nyemba mu nthawi yochepa ndi mayunitsi ochepa, kusiyana ndi kuyatsa chotenthetsera usiku wonse m'chipinda chopanda siling'i.

Mbaula zosunga moto

Maganizo oti moto utsekeredwe m'kachipinda kadothi si achilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Kenya kunapangidwa mbaula ya makala yotchedwa Kenya Ceramic Jiko, imene kunja kwake ndi chitsulo koma mkati mwake muli dothi lowotcha losunga kutentha, komanso ili ndi kachitseko kochepetsera mpweya. M'zaka zomwezo Larry Winiarski, wa ku bungwe la Aprovecho ku Oregon m'dziko la America, anakonza malamulo a mbaula ya nkhuni yotchedwa rocket stove, imene njira yake ya moto imapindika ngati chigongono: timitengo ting'onoting'ono timalowa chopingasa pansi, timayaka kunsonga kokha, ndipo malawi amakwera m'kanjira kopapatiza kopita pansi pa mphika. Chifukwa kanjirako kamakhala kotentha kwambiri, utsi wambiri umayaka usanatuluke, ndipo chifukwa mpata wa pakati pa mphika ndi khoma ndi wochepa, kutentha kumakhudza mphika m'malo mothawira m'mbali.

Tsidya lina la malire, ku Malawi, njira zimenezi zinabala Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi ndi magulu a amayi, ndi Changu Changu Moto ya njerwa zosawotcha imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Mu 2013 boma la Malawi linalonjeza kufalitsa mbaula zotere 2 miliyoni pofika 2020, ndipo anthu a ku Vubwi, amene amagula, kukwatirana ndi kulira maliro pamodzi ndi abale awo a ku Mchinji, akhala akuziona mbaulazi kwa achibale.

M'chigawo cha Kum'mawa cha Zambia ntchitoyi yayendetsedwa ndi mabungwe angapo. COMACO, imene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 pofuna kuti alimi a m'chigwa cha Luangwa asiye kupha nyama zakuthengo, imaphunzitsa alimi ake kudzala mitengo ya gilisidiya ndi kumanga mbaula zodya timitengo tochepa. Mu 2017 World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 32.8 miliyoni za pulojekiti ya Zambia Integrated Forest Landscape Project, yogwira ntchito m'chigawo chimenechi pa nkhalango, ulimi ndi nyama zakuthengo, ndipo mbaula zosunga moto zinali m'gulu la ntchito zake.

Mbaula yomangidwa bwino imachepetsadi nkhuni, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina kufika theka. Banja limene linkamaliza matumba atatu a makala pamwezi lingamalize awiri, ndipo pakutha pa chaka limakhala litasunga mtengo wa matumba 12, ndalama zoposa mtengo wa mbaulayo kangapo. Ya njerwa imafuna dothi la pachulu, mchenga, ndowe, madzi ndi tsiku limodzi la ntchito.

Komabe m'makhitchini ambiri mbaula yatsopanoyo imapezeka itazizira pakona, nkhuku itaikirapo mazira, mafuwa akuyaka pambali pake.

Chifukwa chimene mafuwa safera

Ogwira ntchito m'mabungwe amafulumira kunena kuti anthu akumudzi safuna kusintha, koma mlandu wake suli pamenepo. Moto wa pamafuwa umagwira ntchito zambiri nthawi imodzi, ndipo mbaula yosunga moto inapangidwira imodzi yokha. Ubwino wake wonse wagona pa kusalola kutentha kutuluka m'mbali, pamene m'mwezi wa Julayi kutentha kotuluka m'mbali kumeneko ndiko kumene agogo ndi zidzukulu amakhalira pafupi ndi moto. Chimene katswiri amachiwerenga ngati chotayika, banja limachiwerenga ngati chofunda.

Pamafuwa pamakhala mphika wa msinkhu uliwonse, kuyambira kasefuliya ka ndiwo mpaka mgolo wa thobwa kapena mkhate wa pamaliro, ndipo mphika wa nsima umakhazikika pamene wophika akuvundula ndi mphamvu. Paphulusa lamoto pamawotchedwa mbatata, chimanga, mtedza ndi mbewa, zimene nyengo yake ndi yachisanu yomweyo. Utsi umateteza chimanga cha mbewu chopachikidwa kudenga kuti chisafumbwe, umalimbitsa udzu ndi phaso, ndipo chikuni chachikulu chimasunga moto mpaka m'mawa popanda wousonkhezera, pamene rocket stove imafuna munthu wokhala pafupi kukankhira timitengo. Mbaula yadothi ikang'aluka imafunanso kuimata, ndipo ngati amene anaimanga anachoka ndi galimoto la pulojekiti osasiya wodziwa kukonza, imagumuka mvula yoyamba ikadontha.

Zotsatira zake n'zakuti mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, mbaula pa ndiwo ndi phala, mafuwa pa madzi osamba, pa alendo ndi pa kuwotha. Zimenezi si kulephera, pakuti nkhuni zimachepabe, koma zimachepa mosafanana ndi zimene zimalembedwa m'malipoti.

Kusiyana kumeneku kwasanduka nkhani ya ndalama zambiri. Mbaula zambiri zogawidwa ulere m'maiko a kuno zimalipiridwa ndi carbon credits, zimene ndi zikalata zosonyeza kuti tani imodzi ya mpweya woipa wa carbon dioxide yalepheretsedwa kupita mumlengalenga, ndipo makampani a m'maiko olemera amagula zikalatazo kuti aphimbe utsi wa mafakitale ndi ndege zawo. Chiwerengero cha zikalata chimadalira nkhuni zimene akuti banja lasunga. Mu Januwale 2024 ofufuza a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa m'magazini ya Nature Sustainability kafukufuku wosonyeza kuti mapulojekiti a mbaula amene anawaunika analandira zikalata zochuluka pafupifupi ka 9 kuposa zoyenera. Mu Okutobala chaka chomwecho, oimira boma la America pamilandu ku New York anaimba mlandu yemwe anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, imene inagawa mbaula zambiri ku Malawi ndi ku Zambia, woti ziwerengero zinasinthidwa mwadala. Iye anaukana mlanduwo.

Mbaulazo zinali zenizeni, ndipo amayi ambiri zinawathandiza. Chimene chinakula mopitirira ndi masamu.

Phunziro kwa mabungwe ogwira ntchito ku Katete, Sinda ndi Vubwi n'lakuti mbaula iyenera kuyesedwa m'mwezi wa Julayi, pamene banja likufuna kuwotha, osati m'mwezi wa Okutobala, pamene aliyense amathawa moto. Ndipo ngati mbaula yabwino siifunditsa anthu, ntchito yofunditsayo iyenera kugwiridwa ndi nyumba.

Nyumba ya malata ndi usiku wa Julayi

Mlimi wa ku Sinda akagulitsa bwino soya kapena thonje, chinthu choyamba chimene amagula ndi malata, ndipo palibe angamudzudzule, pakuti denga la malata silifuna kufolera chaka ndi chaka, silipsa ndi moto wolusa ndipo limapatsa banja ulemu. Koma chitsulo chopyapyala sichisunga kutentha. Usiku wopanda mitambo, umene ndi wa masiku onse m'nyengo yachisanu, malata amataya kutentha kwawo kumlengalenga mpaka kuzizira kuposa mpweya wa panja, n'chifukwa chake m'mamawa amadontha mame mkati mwa nyumba. Mpweya wofunda wa m'chipinda umakwera, umakhudza malata ozizirawo, n'kutsikanso utazizira, ndipo wina umatulukira m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga.

Denga la udzu lochindikala, limene ambiri tsopano amaliona ngati chizindikiro cha umphawi, limagwira mpweya pakati pa timapesi take, ndipo mpweya wosayenda ndiwo umatchinga kutentha. Nyumba yakale yozungulira, ya khoma lomata ndi khomo limodzi laling'ono, inali yofunda usiku kuposa nyumba zambiri zamakono.

Mankhwala ake si kubwerera ku udzu koma kuika siling'i pansi pa malata. Siling'i ya mabolodi ogula ndi yodula, koma mphasa za bango, nsungwi zong'amba ngakhale makatoni okhomedwa pa timitengo zimagwira ntchito yomweyo yolekanitsa mpweya wa m'chipinda ndi chitsulo, ndipo zimachepetsanso kutentha kwa Okutobala. Amene sangakwanitse nyumba yonse angayambe ndi chipinda chogona ana. Kumata mipata ya pamwamba pa khoma la kumene mwera umachokera, kukhoma kachidutswa ka tayala kapena ka chiguduli kunsi kwa chitseko, kupachika nsalu yochindikala pazenera dzuwa likalowa ndi kuyala mphasa pa simenti ndi ntchito za tsiku limodzi.

Omanga nyumba zatsopano ali ndi mwayi wina umene sulira ndalama. Katete ali pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limayenda chakumpoto. Mazenera oyang'ana kumpoto amalowetsa dzuwa m'nyengo yachisanu, khoma la njerwa ndi pansi pa nyumba zimamwa kutenthako masana n'kukutulutsa pang'onopang'ono usiku, pamene m'nyengo yotentha dzuwa limadutsa pamutu ndipo khonde lalifupi limalitchinga. Nyumba zambiri zimangoyang'ana kumsewu.

Dzuwa lomwelo lingafunditse madzi. Chigubu chakuda chosiyidwa padzuwa pamalo obisika ku mphepo kuyambira m'mawa chimapereka madzi ofunda osamba madzulo, ndipo banja limene lasamutsira kusamba kwa ana kumadzulo limachotsa moto umodzi wathunthu wa m'mamawa. Mphika wa nyemba umene wawira bwino kwa kanthawi ungachotsedwe pamoto n'kukulungidwa m'dengu lodzaza ziguduli, thonje kapena udzu wouma, mmene umapitiriza kupsa kwa maola angapo; njira yakale imeneyi ndiyo inagulitsidwa ku South Africa kuyambira 2008 pa dzina lakuti Wonderbag.

Mbaula m'chipinda chotseka

Pali njira imodzi yofunditsira nyumba imene imaoneka yotchipa koma imapha, ndipo chaka chilichonse nyengo yachisanu ikafika apolisi ndi azaumoyo a ku Zambia amachenjeza za iyo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, mtundu kapena utsi, ndipo umakakamira kumagazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino wa oxygen. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo sadzuka n'komwe.

Chikhulupiriro chakuti makala amene afiira ndi kusiya kufuka alibe vuto n'chabodza, pakuti makala ofiira ndiwo amatulutsa mpweyawu mwakachetechete. Apa pali msampha umene aliyense wolangiza za kutseka mipata ya nyumba ayenera kuutchula: nyumba ikatsekedwa bwino, mbaula imakhala yoopsa kuposa kale. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone, ndipo wopezeka atakomoka ayenera kutulutsidwa kumphepo nthawi yomweyo ndi kuthamangira naye kuchipatala, kaya ku St Francis ku Katete, kaya ku Nyanje ku Sinda, kaya kuchipatala chaching'ono chapafupi. Njerwa yotenthetsedwa pamoto n'kukulungidwa m'nsalu, kapena botolo la madzi ofunda lotsekedwa bwino, zimafunditsa pogona popanda ngozi imeneyi.

Utsi wa masiku onse nawo umapha, ngakhale pang'onopang'ono. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, monga chibayo cha ana ndi matenda a m'mapapo ndi a mtima. Moto wa pansi umawotchanso ana okwawa ndi anthu odwala khunyu, amene amagweramo matenda akawagwira. Kwa khanda lobadwa m'nyengo yozizira, makamaka lobadwa masiku asanakwane, anamwino amalangiza kuliika pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, litavala chipewa ndi kufunditsidwa pamodzi ndi mayiyo, njira imene madokotala a ku Bogotá m'dziko la Colombia anayamba mu 1978 ndipo imaposa kuyandikiza mwana kumbaula.

Nkhuni za m'munda

Kwa zaka zambiri boma lakhala likutchula mahekitala 250,000 mpaka 300,000 monga nkhalango imene Zambia imataya chaka chilichonse, ngakhale kafukufuku wina wapambuyo pake anapeza chiwerengero chotsikirapo, ndipo m'chigawo cha Kum'mawa chimene chimadya nkhalango kwambiri ndi kutsegula minda yatsopano, makala ndi nkhuni zikutsatira. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna kuti wowotcha ndi wonyamula makala akhale ndi chilolezo cha dipatimenti ya nkhalango, ndipo malamulo a 2018 analola midzi kupanga magulu osamalira nkhalango zawo ndi chivomerezo cha mfumu. Koma kulanda matumba pamsewu sikuchepetsa njala ya wowotcha kapena chisanu cha wogula, ndipo kawirikawiri kumangokweza mtengo.

Yankho lina linayesedwa kale m'chigawo chomwechi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza a bungwe la ICRAF pa malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata anagwira ntchito ndi alimi, kuphatikizapo a ku Katete, pa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka monga jelejele ndi gilisidiya. Cholinga chinali feteleza wa masamba, koma gilisidiya, mtengo wochokera ku Central America, ukadulidwa umaphukanso nthambi zambiri, ndipo nthambizo ndi za msinkhu umene rocket stove imafuna. Mitengo ya nandolo yokololedwa ndi zitsononkho za chimanga zimagwiranso ntchito yomweyo. Pa mafuwa timitengo totere timangolilima n'kutha, koma m'mbaula yotseka timaphika nsima, kotero kuti mbaula ndi mtengo wa m'munda zimafunana, ndipo pulojekiti yobweretsa chimodzi chokha imasiya ntchito pakati.

Vuto lalikulu la mitengo ya m'munda ndi mbuzi, ng'ombe ndi moto wa osaka mbewa m'chilimwe, ndipo zimenezi sizithetsedwa ndi ofesi ya ku Chipata kapena ku Lusaka koma ndi malamulo a nyakwawa ndi mafumu monga a Kawaza, a Mbang'ombe, a Kathumba ndi a Pembamoyo, amene nthaka ya makolo ili m'manja mwawo.

Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kudzapereka malipoti a madera awo kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo nthawi imeneyo chisanu chimakhala chikutha, anthu ayamba kuiwala za icho. Komatu miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndiyo imene njerwa zimaumbidwa, bango ndi udzu zimakhala zouma, dothi la mbaula limauma osang'aluka ndi mvula, ndipo ndalama za zokolola zimakhala zisanathere ku feteleza. Banja lofuna kugula makala ochepa mu Juni wa chaka chamawa liyenera kumanga mbaula, kachisakasa ka nkhuni ndi siling'i ya chipinda cha ana mvula ya Novembala isanagwe.